Mwana ndi hatchi: yambirani pansi, kukwera kubwere pambuyo

Ndinakhala zaka 9 ndikusamalira mahatchi pa famu ina kufupi ndi Kyalami, kumpoto kwa Johannesburg. Amalawi tilipo ambiri pa ntchito imeneyi ku Joni, ndipo ambirife timagona pafamu pomwepo, nyumba apa, khola apo. Mayi akunyumba akatitsatira, ndiye kuti ana akulira pakati pa ziboda.

Pa zaka zonsezo ndinaona ana angapo akuvulala, a mabwana ndi athu omwe, koma sindinaonepo mwana atavulazidwa ndi hatchi yolusa. Yolusa aliyense amaidziwa. Imatsekeredwa payokha, ana amangoisuzumira patali. Imene imavulaza mwana ndi ija yokalamba, yofatsa, ija timaichemerera kuti ngakhale khanda likhoza kuigwira mchira. Ndi yokhayo imene timamusiyira mwana n'kutembenuka kukachita zina.

Mwana wa mnzanga wina anali ndi zaka 5 pamene mpira wake unagubuduka n'kulowa kunsi kwa mpanda. Iye anakwawa kuutsatira, n'kutulukira kumbuyo kwenikweni kwa hatchi imene inkadya udzu. Hatchiyo inali ndi zaka zoposa 20, ndipo inali itaphunzitsa ana ambirimbiri kukwera. Inangoponya mwendo kamodzi. Mwamwayi chiboda chinangomupala m'mbali mwa mutu, komabe anamusoka ndipo anagona m'chipatala masiku atatu. Titathamangira pamalopo tinapeza hatchi ija yaweramanso, ikudya udzu wake. Kwa iyo panalibe mlandu. China chake chinatulukira kumene siona, ndipo inachita zimene hatchi iliyonse imachita.

Malangizo awa ndalembera anzanga a m'makola, komanso makolo amene ana awo ayamba kuphunzira kukwera ku South Africa kapena ku Britain, ndi amene amakwezako ana patchuthi paphiri la Zomba kapena kunyanja ku Kande. Amene muli ndi abulu, zambiri za pansizi n'zanunso.

Choyamba, idziweni nyamayi inuyo

Hatchi yaikulu bwino imalemera makilogalamu 500 kapena kuposerapo. Amenewo ndi matumba 10 a chimanga ataima pa miyendo inayi, ndipo kawirikawiri ziboda zake zimakhala zokhomedwa zitsulo. Ngakhale timahatchi tatifupi tija amati poni, timene ana amayambira, timafika makilogalamu 200 kapena 300, pamene mwana wazaka 6 amangopitirira 20 pang'ono. Hatchi ikaliyatsa liwiro imadutsa makilomita 40 pa ola, ngati njinga yamoto ya kabaza, ndipo mutu wa munthu wokwera hatchi yaikulu umakhala mamita oposa 2 kuchokera pansi.

Koma kulemera si nkhani yaikulu. Kutchire hatchi ndi ndiwo za zilombo, ndipo mtima umenewo sunachoke. Galu mukamuopseza amatha kuima n'kuyamba kuuwa. Hatchi imayamba yadumpha, yathawa kapena yaponya theche, kenako ndiye imacheuka kuti ione chinali chiyani. Jumbo youluka ndi mphepo, ambulera yotsegulidwa mwadzidzidzi, nkhwali yotuluka m'udzu, mwana wokuwa, zonsezi kwa iyo ndi mkango.

Maso ake ali m'mbali mwa mutu, choncho imaona pafupifupi mbali zonse kupatula malo awiri: kumbuyo kwenikweni kumene kuli mchira, ndi patsogolo penipeni, kuyambira pamphumi kutsikira kunsi kwa mphuno. Mwana wamfupi akaima kunsi kwa chibwano chake, hatchi sikumuona.

Imalankhula ndi makutu. Akaloza kutsogolo, pali chimene yatchera khutu. Akagwera m'mbali, ili phee, mwina ikuwodzera, ndipo yowodzera ndi yosavuta kuidzidzimutsa. Akagona chakumbuyo n'kumamatira kukhosi, chokanipo. Ikayamba kukwapula mchira mwamphamvu, kuonetsa koyera kwa maso, kapena kukutembenuzirani matako, yakuuzani kale. Ine ndinkaima ndi ana anga kunja kwa mpanda n'kumawafunsa kuti, "Makutu a ija akuti chiyani?" Posakhalitsa anasanduka akatswiri kuposa ine, ndipo ndi sewero limene silidya ndalama.

Musadzinamize kuti kuzolowera ndi chishango. Anne, mlongo wake wa Mfumu Charles ya ku Britain, wakulira pa mahatchi ndipo anapikisanapo nawo pa masewera a Olympic ku Montreal mu 1976. Mu Juni 2024 anagona masiku 5 m'chipatala ku Bristol atavulala m'mutu. Sanali atakwera. Ankangoyenda pansi pamalo pake pomwe, ndipo kavulalidwe kake kanaonetsa kuti anamenyedwa ndi mutu kapena mwendo wa hatchi.

Chachiwiri, mwana wamng'ono malire ake ndi mpanda

Theche limene lingamenye munthu wamkulu pantchafu, mwana wazaka 4 limamupeza kumaso. N'chifukwa chake ana aang'ono ambiri savulala pokwera koma poyenda pansi. Kwa ine, mwana amene sanayambe sukulu salowa m'khola kapena mumpanda wa mahatchi pokhapokha dzanja lake lili m'dzanja la munthu wamkulu. Mkulu wake wazaka 10 si munthu wamkulu.

Yang'anani mpanda wanu mutanjuta, pa msinkhu wa mwana. Mipanda yambiri ya mahatchi ndi mitengo iwiri kapena itatu yopingasa, yotchinga hatchi koma yosiya khomo la mwana kunsi. Ngati nyumba yanu yayandikana ndi mpanda wotere, pemphani waya wa nkhuku kapena wina aliyense wa maso ang'onoang'ono mukhome mmunsimo. Mpira useweredwe kutali. Ukagwera mkati, akatenge ndi wamkulu, ndipo mwana adziwiretu kuti simumukalipira chifukwa chokuitanani. Ana ambiri amakwawira okha poopa kukalipidwa.

Nthawi ya chakudya mwana asapezeke mkati ngakhale muli naye. Mahatchi amalimbirana, amalumana, amaponyerana mateche, ndipo theche lopita kwa hatchi inzake silisankha amene ali pakati. Kulowa ndi chidebe cha chakudya pakati pa mahatchi omasulidwa ngakhale inu akulu n'kudziputira. Hatchi yaikazi imene ili ndi mwana, ndi yaimuna yosathena, zimenezo mwana aziona ali kunja basi. Kamwana ka hatchi kamakopa ana chifukwa n'kokongola, koma nako kamaponya theche posewera.

Chachitatu, kuyandikira ndi kugwira

Mwana akafika msinkhu womva ndi kusunga malangizo, muphunzitseni izi inu muli pambali pake, kambirimbiri, mpaka zilowe m'thupi. Ayandikire chakuphewa, cham'mbali, akulankhula motsitsa kuti hatchi imumve ndi kumuona. Asathamange, asakuwe. Dzanja loyamba ligwire paphewa kapena pakhosi, osati pamphuno.

Kudutsa kumbuyo kuli njira ziwiri. Wamkulu amene akuidziwa hatchiyo amadutsa moikhudza, dzanja lili pamsana pake mpaka atazungulira, chifukwa theche lapafupi limangokankha, silinapeze mphamvu. Njira ina ndi kuzungulira patali, mamita atatu kapena kuposa. Choopsa ndi chapakatikati, mita imodzi kuchokera kumchira, pamene chiboda chimafika chitatambasuka. Mwana muphunzitseni yapatali yokha. Asadutse kunsi kwa mimba, ndiponso asadutse kunsi kwa khosi hatchi ikakhala yomangidwa.

Popesa miyendo kapena poyang'ana ziboda, anjute, asagwade kapena kukhala pansi. Wonjuta amadumpha, wogwada amapondedwa. Poipatsa hatchi karoti kapena apozi, chikhatho chikhale chotambasula, zala zitagundana, chala chachikulu chitabisika m'mbali. Hatchi siona chimene chili pakamwa pake, ndipo chala cha mwana ndi karoti kukula kwake n'kumodzi. Kunena zoona ine ndimakonda kuti ana aziponya m'chidebe, chifukwa hatchi yozolowera kudyera m'manja imayamba kufunafuna m'matumba a anthu ndi mano.

Patapata kapena phazi lopanda kanthu, ayi. Hatchi ikaponda phazi siliphwanya mwadala, imangosuntha thupi, koma timafupa ta zala timasweka ndipo zikhadabo zimazuka.

Chachinayi, chingwe

Apa ndichedwapo, chifukwa ana athu amabwera ndi chizolowezi chakumudzi. Mwana wopita kukamangirira mbuzi amakulunga chingwe padzanja, mwinanso kuchimanga m'chiuno kuti manja apume. Mbuzi ikakoka amangodzandira n'kuseka. Hatchi ikakoka chingwe chokulungidwa padzanja, chimafinya n'kudula chala, kapena mwana amagwa n'kukokedwa pansi. Ndipo hatchi ikaona chinthu chikuitsatira chokwekwereka pambuyo, mantha amawonjezeka, liwiro limakula. Siima.

Lamulo lake ndi limodzi: chingwe sichikulungidwa pa chiwalo chilichonse, padzanja, pamkono, m'chiuno, paphewa, ngakhale kwa kamphindi kotsegula geti. Chotsala chipindidwe uku ndi uku, n'kugwiridwa pakati pa mapindowo, kuti chikakokedwa chizingosololoka m'manja.

Poitsogolera, mwana ayende kumanzere kwa hatchi molingana ndi phewa lake, dzanja lamanja litagwira chingwe pang'ono kunsi kwa chibwano, lamanzere litagwira chotsalacho. Asakhale kutsogolo ngati akukoka ngolo, chifukwa ikadzidzimuka imudumphira kumsana. Pokhota, aikankhire hatchi kumbali ina, asaikokere kwa iye, kuti isamuponde. Geti litsegulidwe lonse. Poimasula mumpanda, ayambe waitembenuza kuti iyang'ane kugeti, amasule, abwerere chafutambuyo. Mahatchi ambiri akamasulidwa amanyamuka ndi chimwemwe n'kuponya miyendo yonse iwiri m'mwamba.

Ndipo muuzeni mobwereza kuti ikakoka mwamphamvu, asiye chingwe. Ana amakakamira chifukwa amaopa kuti bwana kapena bambo akwiya hatchi ikathawa. Muuzeni ndi pakamwa panu kuti yothawa timakaigwira, koma chala sichimeranso.

Pomangirira, gwiritsani mfundo yomasuka mukangokoka kamodzi. Ife tinkayamba tamanga kachingwe kopyapyala ka mabelo a udzu pamtengo, chingwe cha hatchi n'kumangidwa pa kachingweko, kuti ikachita mantha kaduke kameneko m'malo mozula mtengo.

Chachisanu, chipewa, nsapato ndi zopondera

Imfa zambiri za okwera mahatchi zimachokera ku kuvulala m'mutu. Choncho popanda helemeti palibe kukwera, ngakhale kongojambulitsa chithunzi. Ku Britain lamulo la mu 1990 limakakamiza mwana wosafika zaka 14 kuvala helemeti akakwera hatchi pamsewu, koma nthaka ya m'bwalo nayo ndi yolimba.

Ikhale yopangidwira mahatchi. Mkati mwake mumakhala chizindikiro cha muyezo, monga PAS 015, VG1 kapena ASTM F1163. Ya njinga yakapalasa sitsika mokwanira kunkhongo ndipo sinapangidwire chiboda. Ya njinga yamoto imalemera khosi la mwana. Chipewa cha omanga nyumba chimavuka munthu asanafike pansi. Poyesa, ikhale yowongoka, chala chimodzi kapena ziwiri pamwamba pa nsidze. Mukaigwedeza, khungu la pamphumi liziyenda nayo. Ikamayenda yokha, yakula, ndipo apa nzeru yathu ija yogula chachikulu kuti akuliremo siigwira ntchito. Lamba wa kuchibwano amangidwe moti chala chimodzi chokha n'chimene chingalowe. Ana aang'ono ndinkawaveka helemeti ngakhale popesa ndi potsogolera.

Nsapato ikhale yotseka, yosalala kunsi, ya chidendene chotukuka pang'ono kuti phazi lisalowe lonse m'chopondera, chitsulo cholendewera pachishalo chimene wokwera amapondapo. Nsapato zamasewera zilibe chidendene, ndipo majombo a mano akuluakulu kunsi amakanirira. Phazi likalowa m'chopondera, patsale mpata wa chala chimodzi mbali iliyonse. Chikachepa phazi limakanirira, chikakula limabzola, ndipo njira zonse ziwiri zimathera pa mwana wolendewera ndi mwendo umodzi hatchi ikuthamanga. Pali zopondera za ana zokhala ndi mphira mbali yakunja, umene umamasuka mwana akagwa. Zifunseni.

Pali chinyengo china chimene ndachiona kawirikawiri. Zopondera zikatalika, anthu amalowetsa mapazi a mwana m'malamba achikopa pamwamba pa zitsulozo. Umenewo ndi msampha. Chimodzimodzi kumumangirira mwana pachishalo kuti asagwe. Kugwa kuli bwino kusiyana ndi kukokedwa.

Akayamba kudumpha zopinga, onjezerani chovala cholimba choteteza chifuwa ndi msana.

Chachisanu ndi chimodzi, kukwera

Mwana wosadziwa amafuna hatchi yodziwa. Maganizo oti mugule yaing'ono msinkhu kuti akulire limodzi ndi okoma kumva, koma onse awiri amakhala ophunzira opanda mphunzitsi. Kufupika kwa poni sikutanthauza kufatsa, tina n'tamakani zedi.

Mukapita pamalo okweza anthu, funsani musanalipire. Helemeti ya msinkhu wa mwana wanga ilipo? Agwire chingwe ndani, ndipo munthu mmodzi akuyang'anira ana angati? Hatchi imeneyi imakwezapo ana? Wina akavulala mumatani? Ku Britain sukulu yophunzitsa kukwera imayenera kukhala ndi chiphaso cha khonsolo, ndipo mukhoza kupempha kuchiona. Akakuyankhani mokwiya, tengani mwana wanu muzipita.

Asanakwere, gwirani lamba wa pamimba amene amamanga chishalo. Mahatchi ambiri amafufumitsa mimba pomangidwa, ndiye ikayenda pang'ono lambayo amakhwepa, chishalo n'kupendekera kumbali. Muyang'anenso pakatha mphindi zochepa. Onaninso misoko ya malamba, chikopa chong'aluka chimaduka tsiku limene simukuyembekeza.

Masiku oyamba akhale m'bwalo lotchingidwa, la mchenga, geti lotseka, wamkulu mmodzi atagwira chingwe, ndipo mwana akakhala wamng'ono wina aziyenda pambali pa mwendo wake. Aphunzire kuimitsa asanaphunzire kuthamangitsa. Aphunzirenso kugwa: kuchotsa mapazi m'zopondera, kusiya zingwe, kupinda manja pachifuwa, chibwano pansi, kugubuduka motalikira hatchi. Mwana akamagwa amatambasula mkono kuti adzitchinjirize, n'chifukwa chake mikono, zigongono ndi fupa lapakati pa khosi ndi phewa ndi zimene zimathyoka kwambiri.

Ana awiri pa hatchi imodzi, ayi. Wamkulu kukwera atanyamula khanda, ayi, chifukwa mukagwa mumugwera. Anzanga a m'makola, ndikudziwa mmene zimakhalira madzulo bwana akachoka, mwana akulirira kuti mumukwezeko pang'ono popita kukamwetsa madzi, popanda chishalo, popanda chipewa. Ndinachitapo. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, ndipo apa zidzakupotani pawiri, kuchipatala ndi kuntchito. Wina akapempha kuti mwana wanu agwirizire hatchi kwa kanthawi, yankhani mwaulemu kuti mubwera mugwire nokha.

Za abulu ndinene mwachidule. Bulu sathawa msanga ngati hatchi, amaima n'kulimbana, amaluma, ndipo theche lake limafika cham'mbali momwe. Kumadera a ngolo monga Dedza ndi Lilongwe, ana asakhale m'mphepete mwa ngolo miyendo ikulendewera, asakhale pamtengo wokokera, ndipo asatsike ngolo ikuyenda. Wogwera kutsogolo amakumana ndi tayala.

Chachisanu ndi chiwiri, mwana wagwa kapena wamenyedwa

Choyamba wina agwire hatchi aichotsepo, kuti isabwerere pa mwana. Inu fikani kumene mwana akuyang'ana, kuti asapotoze khosi pokufunani. Mtima wa kholo umafuna kumunyamula n'kumugwedeza kuti adzuke. Dziletseni.

Muitaneni ndi dzina. Onani ngati akupuma. Akayankha, muuzeni agone momwemo, mumufunse pamene pakupweteka, ngati akumva mukamugwira manja ndi mapazi, ngati angagwedeze zala. Akadandaula khosi kapena msana, akamva dzanzi, akalephera kusuntha chiwalo, kapena akakhala kuti wakomoka, muyeseni wothyoka khosi kufikira achipatala atanena kuti ayi. Gwirani mutu wake ndi manja awiri momwe ulili, ndipo helemeti musaivule pokhapokha ikumulepheretsa kupuma. Helemeti imateteza mutu, siteteza khosi. Christopher Reeve, katswiri wa mafilimu wa ku America, anali ataivala pamene anagwa pa hatchi ku Virginia mu 1995. Anathyoka mafupa awiri apamwamba a khosi, ndipo anakhala wofa ziwalo mpaka imfa yake mu 2004.

Akayamba kusanza ali chigonere, mutembenuzireni cham'mbali thupi lonse pamodzi ngati chipika, mmodzi atagwira mutu, ena phewa ndi chiuno. Ngati sakupuma, za khosi zidikire: mupumireni mkamwa kasanu, kenako sindikizani pakati pa chifuwa ka 30, mupumireni kawiri, muzibwereza mpaka thandizo lifike. Ku South Africa ambulansi ndi 10177, kapena 112 pa foni yam'manja. Ku Britain ndi 999. Anzanga amene mapepala anu sali bwino, musabise mwana m'nyumba chifukwa cha mantha. Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limati munthu aliyense asakanizidwe thandizo lachipatala pangozi.

Kumene ambulansi singafike, mugonekeni pa chitseko kapena thabwa, anthu angapo akumunyamula mowongoka, zitenje zopindidwa zitatchinga mutu mbali zonse, ndipo apite pa galimoto atagona. Mwana woganiziridwa khosi sakwezedwa pa kabaza.

Tsono vuto lalikulu ndi mwana amene wadzuka yekha, wadzisasa fumbi, akuti ali bwino. Anthu a mahatchi ali ndi mwambo wakale woti wogwa akwerenso pompo kuti mantha asamugwire. Mwambo umenewu ndimaukana. Ubongo umagwedezeka m'chigaza ngakhale munthu asanakomoke, ngakhale helemeti ili kumutu. Mufunseni ali kuti, lero ndi lachingati, chachitika n'chiyani. Akamabwereza funso lomwelomwelo, akamayenda modzandira, akadandaula mutu, chizungulire, nseru kapena kuona zinthu ziwiriziwiri, tsiku limenelo kukwera kwatha ndipo akaonedwe ndi achipatala. Mukakayika, asakwerenso basi.

Izi ndiye zothamangira nazo usiku womwewo osadikira kuche: kukomoka ngakhale kwa kamphindi, kusanza kobwereza, mutu wokulirakulira, tulo tovuta kumudzutsa, kugwedezeka ngati wakhunyu, mwanadiso wina kukula kuposa mnzake, kufooka mbali imodzi, kulankhula mosamveka, magazi kapena madzi oyera kutuluka m'khutu kapena m'mphuno. Magazi otayikira mkati mwa chigaza amatha kumusiya mwana akuseka kwa maola angapo asanamugwetse.

Theche la pamimba kapena m'nthiti ndi lachinyengo kuposa onse. Kunja mumangoona kachizindikiro kofiira, mwina osaona kanthu, pamene mkati kapamba, chiwindi kapena impso zang'ambika. Nthiti za mwana n'zofewa, zimapindika osathyoka, mphamvu yonse n'kulowa mkati. Mwana aliyense womenyedwa pamimba, pachifuwa kapena m'mbali apite kuchipatala ngakhale akuyenda yekha. Akayamba kutuwa, kutuluka thukuta lozizira, kupuma mofulumira, kumva ludzu kwambiri, mimba kuuma, kukodza magazi, kapena kudandaula phewa lakumanzere pamene sanamenyedwepo, nthawi yatha kale, thamangani. Musamupatse chakudya kapena madzi, mwina afunika opaleshoni.

Mkono ukathyoka, musauwongole, musaukoke, musauthowe ndi madzi otentha. Uchirikizeni momwe ulili ndi katoni yopindidwa kapena kathabwa, muukoleke ndi chitenje, muvule zibangili usanatupe. Gwirani zala: zikazizira, zikasintha mtundu kapena zikachita dzanzi, mtsempha wa magazi wapanikizika. Izi zimachitika kawirikawiri mwana akathyoka pamwamba pa chigongono, ndipo kuchedwa kungamuphere mkono. Chikhakha akaike ndi achipatala.

Bala lotuluka magazi likanikizeni ndi nsalu yoyera osasiya. La pamutu limatulutsa magazi ambiri ngakhale lili laling'ono, koma mukamva kuti fupa lalowa mkati, musasindikize pamenepo, ingophimbani. Chala chikaduka ndi chingwe, chikulungeni m'kansalu konyowa koyera, muchiike m'jumbo yomanga, jumboyo muiike m'madzi a ayezi, mupite nacho.

Ndowe za mahatchi ndi dothi la m'khola zimasunga tizilombo ta kafumbata, choncho bala lililonse la kukhola, ngakhale lobayidwa ndi msomali, litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo mutenge khadi la katemera popita kuchipatala. Musathiremo dothi, phulusa kapena mankhwala a hatchi. Akalumidwa, tsukani kwa mphindi 15. Mano a hatchi amaphwanya mnofu wamkati kuposa mmene pakhungu pakuonekera, ndipo hatchi ndi bulu nazo zimadwala chiwewe, makamaka kumene agalu salandira katemera. Auzeni achipatala ngati nyamayo yasintha khalidwe masiku amenewo.

Chomaliza, masiku otsatira

Mwana amene wagunda mutu akabwerera kunyumba, wamkulu akhale naye usana ndi usiku woyamba. Kugona agone, koma muzimuyang'ana ngati akupuma bwino ndiponso ngati akudzuka mukamugwedeza pang'ono. Wa ululu mupatseni Panado pa mlingo wa msinkhu wake. Aspirin sapatsidwa kwa ana. Masiku awiri oyamba apume, foni ndi TV zichepe, kenako abwerere kusukulu pang'onopang'ono. Sukulu iyambe, masewera atsatire. Malangizo a ku Britain a mu 2023 okhudza masewera a anthu wamba amati wogwedezeka ubongo asabwerere pa mpikisano masiku 21 asanakwane, ndipo ine ndimatsatira omwewo pa kukwera. Kugunda mutu kachiwiri koyamba kusanapole n'koopsa kwambiri kwa ana kuposa akulu.

Akachira, musamukakamize ndipo musamuseke. Mwana wa mnzanga uja anatha miyezi akuzungulira kutali ndi mpanda. Anayamba n'kuima panja kuwerenga makutu, kenako kuponya karoti m'chidebe, kenako kupesa khosi bambo ake atagwira chingwe. Tsiku lokwera analisankha yekha.

Helemeti imene yagunda pansi yatha ntchito ngakhale kunja ikuwala, chifukwa chofewa chamkati chija chimaphwanyika kamodzi kokha ndipo sichibwerera. Ngakhale yosagwa imafuna kusinthidwa pakatha zaka ngati zisanu, ndipo yapakaunjika simudziwa kuti inagwa kangati. Yogwa nayoyo musaipereke kwa mng'ono wake, ndiponso musaiponye m'bini ili yonse, wina aitola akagulitse. Dulani malamba ake ndi mpeni musanaitaye.